Mbereko ya a Binali

Amuna anga a Binali sanawombepo mfuti ngakhale kamodzi. Koma funsani akuluakulu otsala kunyanja kuno kuti alenje a masiku aja anali ndani, mumva akuyamba ndi dzina lawo. Ine ndimangoseka. Ulenje wake uti? Munthu ankatsinzina mfuti ikamalira, ndipo izi anandiuza okha, sindikuwanamizira ayi. Ntchito yawo inali ya mpeni, miyendo ndi phewa basi.

Mwini mfuti anali a Fanuel a ku Chitala, Mkhristu, munthu wamtali wosakonda zoyankhulayankhula. Iwo anali ndi chilolezo cha ku boma chopha nyama zoononga minda, ndipo nyama nthawi imeneyo zinalipo, osati zamasewera. Ngoma, ntchefu, mphalapala, njati, zonse zinkatuluka m'thengo lija lero mukuti Kuti n'kumadya mbewu za anthu dzuwa likuswa mtengo. Vuto la a Fanuel linali kogulitsa. Ofuna nyama kwambiri tinali ife a kunyanja, amene nsomba zinkatikola, koma ife Asilamu sitidya nyama yofa ndi chipolopolo chokha. Pamafunika Msilamu afike nyama ikadapuma, atchule dzina la Mulungu, aizinge pakhosi. Ikatsirizika iye asanafike, kwa ife imeneyo ndi haramu, kaya inone bwanji. Ndiye a Fanuel ankawomba, a Binali n'kuliyatsa liwiro mpeni uli m'manja, kupyola minga ndi tsekera, Bisimillahi ili kale pamlomo. Akatha kusenda ndi kudula, a Binali ndi anzawo awiri onyamula, aliyense ankamangirira nyama kunsonga zonse ziwiri za mtengo, n'kuika paphewa, ulendo wa kunyanja. Malipiro anali nyama yomweyo. Ukanyamula yambiri, gawo lakonso linkakula.

Ntchitoyi anaiyamba mu 1938, chaka chimene tinakwatirana, ndipo anaiyamba chifukwa nyanja inawakana. Tangoganizani, mwana wa msodzi, wobadwira pamchenga pompano, koma akangokwera bwato mafunde n'kugwedeza kawiri, basi ayamba kusanza! Anzawo anatopa nawo. Bambo awo anali katswiri woluka miono yogwirira nsomba, ndiye anati bola mwanayu akhale kumtunda aziluka, ndipo kuluka anakudziwadi. Koma mono sudyetsa banja chaka chonse. Tsiku lina ku msika wa ku Salima mbuzi ya munthu inadula chingwe, a Binali anaithamangitsa n'kuigwira isanafike kunjanji. A Fanuel anaona liwirolo, ndipo pomwepo anawafunsa ngati amadziwa kuzinga. Ubwenzi wawo unayambira pa mbuzi ya eni.

Tinkakhala bwino ndithu. Nyumba inali yaudzu ngati ya aliyense, koma ndiwo sizinkasowa, ndipo nyama yotsala ndinkaiwamba n'kumasinthanitsa ndi mpunga kapena chinangwa. Anali munthu wofatsa, wosajomba ku mzikiti, wokonda tiyi wotsekemera mpaka ine kumabisa shuga m'denga. Chimodzi chokha chinasowa pakhomo pathu, ndicho mwana. Zaka zisanu ndi zinayi, zii. Anzanga ankaitana amuna awo kuti bambo a uje, bambo a uje, ine ndinalibe dzina loitanira, ndinkangoti inu. Alongo awo akabwera ankayamba kundiyang'ana pamimba asanandipatse moni. Iwo eni sananenepo kanthu. Kundikonda ankandikonda, izo sindikana, koma amuna okonda akazi awo ndinawaona ambiri akukwera sitima pa Salima, osabweranso. Mwamuna wopanda mwana alibe chomukoka malaya. Ine ndinkadziwa kuti chowasunga pamudzi pano ndi ntchito ija, ndipo pa swala iliyonse ndinkapempha kuti isathe.

Ndiye mu Meyi 1947, anthu akukolola, kunachitika zija. A Fanuel anawomba mphalapala yamphongo, inagwa, a Binali anathamanga monga mwa nthawi zonse. Poti aigwire nyanga kuti aipotoze khosi, inatukula mutu kamodzi kokha. Nyanga inawamenya chopingasa paphewa lakumanzere, ndipo fupa lija lochokera pakhosi kupita paphewa linathyoka. Mukudziwa zimene anachita munthu ameneyu? Anadzuka, naiponda pakhosi ndi bondo, naizinga bwinobwino, kenako ndi pamene anakomoka. Anabwera nawo pamachila. Ine nditamva nkhaniyo ndinawalalatira ali chigonere, ndinati mukanafa kumeneko chifukwa cha ndiwo za anthu ena, ine mukanandisiyira chiyani, nyanga?

Fupa linalumikizana, koma mokhota, panatsala kachulu kopweteka ukakakhudza. Kumapeto kwa Julayi anayesa mtengo ndi madebe awiri a madzi. Paphewa lakumanja anayenda ndithu, koma wonyamula pamtengo amayenera kusinthasintha mapewa, phewa limodzi silingapirire ulendo wa theka la tsiku. Atangoti asinthire kumanzere, madebe onse pansi, iwo atakhala m'matope, nkhope itasanduka phulusa. Sindinaseke, ngakhale ndimaseka msanga ine.

Patapita masiku ochepa a Fanuel anabwera panjinga. Ndinawayalira mphasa pakhonde, ndinawapatsa tiyi, n'kukhala chapatali pang'ono ndikusankha mpunga, makutu ali komweko.

"Achimwene," anatero a Fanuel maso ali pansi, "mpeni wanu ndimaufuna, inunso mukudziwa. Koma anzathu awiri aja akung'ung'udza. Akuti munthu wosanyamula angalandire bwanji gawo, pomwe kuli Msilamu wina kumtunda kwathu woti amazinga ndipo amanyamulanso. Ine ndawakaniza. Ndati tidikire ulendo wa kumapeto kwa Ogasiti. Mukadzanyamula ngati kale, nkhani yathera pomwepo. Mukadzalephera, ine ndidzasowa chowauza."

"Mwanena zoona," anatero amuna anga. Basi, mawu awiri okha.

Ine mtima unandiwawa, ndinafuna kuwalanda kapu a Fanuel, koma munthuyo sananame, ndipo anabwera yekha kudzanena pamaso.

Mwezi womwewo kunali msuweni wawo, a Abbas, amene anabwera ku tchuthi kuchokera ku Halale ndi chipewa chachikulu ndi nsapato zolira. Ameneyo ndiye ankandinyansa. Tsiku lililonse pakhonde pathu, nkhani yake imodzimodzi. "Msuweni, ulonda sufuna phewa. Umangokhala pageti ndi chibonga, mwezi ukatha walandira. Tiye tinyamukire limodzi Lolemba loyamba la Seputembala." Poyamba a Binali ankangomwetulira. Koma a Fanuel atabwera n'kupita, ndinawamva akufunsa kuti sitima imanyamuka nthawi yanji, ndipo ku Halale mzikiti uliko kapena ayi. Bambo anga enieni anapita kumeneko ine ndikukwawa, mpaka lero sindidziwa ngakhale manda awo. Ndinadziuza kuti Tausi, ukangokhala phee, mwamunayu wapita.

Ndinayamba ndine kunena kuti ngati mtengo wakanika, tipeze chonyamulira china. Iwo anaganiza msanga za a Robert, amene anabwera ku nkhondo ya ku Bama ndi chikwama cha asilikali chovala kumsana, chobiriwira, cha malamba awiri ndi tizitsulo tonyezimira. Mudzi wonse unkachisirira chikwama chimenecho. A Robert anawabwereka mosavuta, ndipo a Binali anachikonda asanaikemo kanthu. Anachivala chopanda katundu n'kumazungulira pabwalo chifuwa chili patsogolo, ine ndikuti eee, saluti bwana! Tsiku limenelo nyumba inamvekako kuseka.

Poyesa, anadzazamo chambo cham'mawa kuti akagulitse ku Salima. Anabwerako madzulo akuyenda chopendama, ntchentche zili pambuyo. Lamba wakumanzere ankadutsa ndendende pa kachulu kaja, ndipo anapanyula mpaka magazi. Atamasula lambayo kuti katundu atsamire kumanja, chikwama chinayamba kulendewera n'kumawamenya m'matako. Nanga nsombazo! Nsalu ya chikwamacho sinkalowa mphepo, ndiye chambo chinachita kupsa ndi thukuta ndi dzuwa, pofika kumsika n'chofewa ngati phala. Palibe anagula. Ndinachapa chikwamacho katatu ndi phulusa tisanakabweze, komabe a Robert atachinunkhiza anangoti ku Bama sichinaonepo zoterezi.

"Chimenechi anasokera bulangete ndi malaya," anatero a Binali, "osati nyama yaiwisi."

Kenako anayesa kusenza dengu pamutu. Anapita kuthengo kuseri kwa mudzi kuti anthu asawaone, ine ndikutsatira ndi nkhata. Panjira yoyera zinatheka pang'ono. Atangolowa m'zitsamba, nthambi yoyamba inakankha dengu, iwo poti aligwire anatukula mkono wodwala uja, n'kukuwa ngati alumidwa ndi nkhanira. M'thengo la alenje mulibe njira yoyera, ndipo munthu wosenza sayang'ana pansi, pomwe kumeneko maenje ndi njoka zili ponseponse. Tinabwerera kunyumba. Kunatsala masabata awiri.

Nzeru inandipeza pamtondo. Ndinkasinja ndi mnzanga Zuleka, woyandikana naye nyumba, iye atabereka mwana wake wa zaka zitatu amene ankadwala malungo, chimwana cholemera ngati thumba la mchere. Ndinaima n'kumamuyang'ana mnzangayo. Munsi unkakwera n'kutsika, mikono yonse iwiri ikugwira ntchito, mapewa ali pamtunda opanda chowakhudza. Nsalu inadutsa m'khwapa n'kumangidwa pachifuwa, ina m'munsi, ndipo kulemera konse kwa mwanayo kunakhala m'chiuno. Zinthu zoti ndaziona kuyambira ndili wakhanda, ndipo ana a eni ndawaberekapo osawerengeka, koma tsiku limenelo ndinaziona ngati zachilendo.

"Iwe Tausi, wagona choimirira?" anatero Zuleka.

Ndinasiya munsi pomwepo n'kuthamangira kunyumba. Ndinawapeza akunola mpeni umene analibe nawo ntchito.

"Inu, taimani. Weramani pang'ono."

Anawerama osadziwa kanthu. Ndinatenga thumba la makaka a chinangwa, ndinawaika kumsana, n'kukulunga ndi nsalu yanga, kumanga pachifuwa ndi m'chiuno. "Wongokani. Yendani." Anayenda mpaka pankhokwe n'kubwerera. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka, chifukwa sipanapweteke paliponse. Anagwedeza mikono yonse iwiri, anadumpha pang'ono. Kenako anayang'ana mfundo ya pachifuwa, ndipo anazindikira chimene ndawachita.

"Tausi! Ine mwamuna ndibereke?"

Mawu amenewo pakhomo pathu sankatchulidwa. Kwathu kuno kunyamula kumsana ndi kubala mwana, mawu ake ndi amodzi, ndipo onse awiri tinamva mbali inayo. Anamasula nsalu mofulumira, thumba linagwa, makaka mbwee.

"Mukufuna mudzi wonse uziti chiyani? Kuti a Binali analephera kubereka mwana, ndiye akubereka ntchafu ya njati?"

Apo ndiye ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima ine sindisankha mawu. Ndinati anthu akhala akunena zaka zisanu ndi zinayi, ndipo akhala akunenera ine, osati inu. Kumtondo, kuchitsime, pamaliro, ndani amamva? Ine! Ndafa? Inu mukuopa kusekedwa tsiku limodzi, mukuti bola mukakhale pageti pa mzungu ndi chibonga, ine muno ndizidikira kalata ngati mmene anadikirira mayi anga mpaka kuchita khungu. Ndinati pitani, koma musadzanene kuti linakuthamangitsani ndi phewa, chifukwa phewa lapeza njira, chakuthamangitsani ndi manyazi. Ndinalira, ndinatola makaka ndikulira, iwo ali duu pamwala.

M'mawa mwake, atabwera ku swala, anatenga chikwanje n'kulowera kumtsinje. Anabwerako ndi nsungwi. Anakhala kuseri kwa nyumba masiku atatu akuwaza ndi kuluka, ndipo chimene chinatuluka chinali ngati mono wodulidwa pakati: mbali yogunda msana yaphwatalala, mbali yakunja yozungulira, kukamwa kotambalala, kumunsi kopapatiza kuti katundu wolemera asatsikire m'matako. Analuka motalikitsa maso kuti mphepo izilowa ndipo magazi azidontha. M'mbali anaimikamo nsungwi ziwiri zosawaza, zoti zisapindike. Ndikunena zoona, manja a munthu uja ankadziwa ntchito, ndipo ndinanyadira, ngakhale ndinali ndisanasiye kukwiya.

Chinavuta n'chomangira. Chingwe cha khonje chinkadula m'chiuno ngati mpeni. Luzi linaduka. Nsalu yanga inkapotana n'kusanduka chingwe katundu akalemera, ndiponso ndinali nazo ziwiri zokha. Panafunika chinthu chotambalala, chofewa, chosatamuka. Ine ndinkadziwa kumene chili, koma ndinatha tsiku lonse ndikuzungulira bokosi langa osalitsegula.

Munali mbereko ya mayi anga, yachikopa cha mbuzi, imene anatiberekera tonse anayi. Pomwalira anandipatsa ine, mwana wamkazi yekhayo. Chaka chilichonse ndinkaitulutsa n'kuipaka mafuta a nsatsi kuti isaume, n'kuibwezera. Inali yofewa ngati khutu la mwana wa ng'ombe. Ndinaitulutsa, ndinaiyala pamphasa patsogolo pawo, n'kuwapatsa mpeni wawo womwe uja.

"Iyi ayi," anatero. "Iyi ndi ya mwana."

"Mwana akabwera ndidzamubereka pansalu ngati anzanga onse. Dulani."

"Tausi."

"Dulani, ndisanasinthe maganizo."

Mpeni uja anauika pamphasa, ndiye ndinadula ndekha. Kunena zoona zinandipweteka, ngati ndikudzicheka ndekha, koma ndinadula mowongoka. Panatuluka lamba wamkulu wa m'chiuno, wotambalala ngati chikhatho ndi theka, ndi wina wocheperapo wodutsa m'khwapa n'kumanga pachifuwa, kutali ndi fupa lothyoka. Anasokerera ku dengulo ndi ulusi wa ukonde. Tinayesa ndi miyala, tinasuntha lamba, tinayesanso. Ndinawaphunzitsa zimene mtsikana aliyense amadziwa: kuwerama poika, kudzigwedeza kuti katundu akwere, kumanga m'munsi kolimba kuposa m'mwamba. Anamvera ngati mwana wa ku madarasa, koma nkhope inali yosakondwa.

Tsiku lonyamuka anakulunga dengulo m'mphasa yakale n'kulipanira m'khwapa, ati anthu aziyesa ndi zogonera. Zimene zinachitika kuthengo ndinazimva kwa a Fanuel pambuyo pake. Akuti pa tsiku lachiwiri m'mawa anawomba ntchefu, a Binali anathamanga n'kuizinga nthawi ikadalipo. Atatha kudula, anamasula mphasa ija. Anzawo awiri aja anagwa pansi ndi kuseka, mmodzi mpaka kutsokomola. A Fanuel okha sanaseke. Anazungulira dengulo, analikoka malamba, n'kufunsa kuti mulowa zingati. A Binali anaika ntchafu yathunthu pakati, yogunda msana, nthiti m'mbali, chiwindi pamwamba atakulunga m'masamba. Akuti unali katundu woposa wa aliyense. Panjira anzawo ankasintha mapewa, kutula, kupuma, iwo ali patsogolo ndi ndodo m'manja, akupatula minga ndi dzanja linalo. Pofika pakati pa ulendo kuseka kunali kutatha.

Koma kuthengo kunali anthu atatu okha. Kumudzi kunali mudzi.

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono, nthawi imene amuna amakhala pansi pa mitengo akusoka maukonde ndipo akazi akuchokera kotunga madzi. Njira yochokera kumtunda imadutsa pakati penipeni, palibe polambalala. Ine ndinali pakhomo pa Zuleka, ndipo ndinamva phokoso ndisanawaone.

"Tabwerani mudzaone! A Binali abereka!"

"Alhamdulillahi, patenga nthawi! Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Chikhakhali chinamveka mpaka kumadzi. A Abbas ndiwo ankaseka koposa, chipewa atachigwira pamimba. Alongo awo a Binali anaphimba nkhope n'kulowa m'nyumba. Amuna anga anaima pakati pa njira, thukuta lili chuchuchu, maso ali pansi. Ndinaona dzanja lawo likupita pa mfundo ya pachifuwa, ndipo ndinadziwa kuti akamasula pamenepo, katunduyo sadzamunyamulanso.

Ndinaonanso china, chimene amuna aja sakanachiona. Dengu linali litatsika, lamba wa m'chiuno atakhwefuka ndi ulendo. Ndinayenda osathamanga, ndinapita kumbuyo kwawo, ndinaika manja onse awiri kunsi kwa dengu n'kulikankhira m'mwamba, monga timachitirana akazi mwana wa mnzako akatsetsereka. "Weramani," ndinatero. Anawerama. Ndinakoka lamba n'kumanga kolimba. Kenako ndinatembenukira kumitengo kuja.

"Ndi wamwamuna," ndinatero mokweza, "ndipo ndi wonenepa. Amene waseka asabwere ndi mbale kwathu, akadye usipa wake."

Akazi ndiwo anayamba kuseka, koma tsopano akuseka amuna awo. Zuleka analuluta. Mkulu wina wosoka ukonde anati iye sanaseke, chinali chifuwa chabe. Tinayenda limodzi mpaka kunyumba, iwo patsogolo, ine pambuyo, magazi a ntchefu akudontha mumchenga. Mbale zinabwera, za oseka zomwe, ndipo ndinawagulitsa onse, sindine wopusa. Ena mwa iwo, njala ya 1949 itavuta, anthu akupita kutali kukasuma chinangwa, anabwera kwa ine chozemba kudzafunsa kuti lamba uja amamangidwa bwanji.

A Fanuel asananyamuke kubwerera ku Chitala anandipatsa moni wa manja awiri. "Alamu, malo awo alipo. Akafuna, ulendo wina ndi Loweruka la sabata yamawa." Akafuna. Mawu amenewo sanandisangalatse, chifukwa kunyamula ananyamula, koma kusekedwa anasekedwanso, ndipo sitima ya a Abbas inali Lolemba, patangotsala masiku atatu. A Binali anakaika dengu kuseri kwa nyumba. Anasamba, anaswali, anadya pang'ono. Ndinayang'ana paphewa, panalibe chilonda. Ndinafuna kufunsa za sitimayo, koma ndinaopa yankho, ine amene sindiopa kufunsa munthu aliyense.

M'mawa mwake ndinawapeza kuseri kwa nyumba atatsuka dengu, akupukuta malamba ndi kansanza. Anapempha mafuta a nsatsi, ndinawapatsa, n'kuima pomwepo ngati ndili ndi chochita. Anapaka pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa m'misoko.

"Chikopa ichi sichigwirizana ndi madzi," anatero osandiyang'ana. "Chikanyowa kawiri katatu chiuma, chiyamba kusweka. Ukaone kwa eni zombo aja ngati angakupatse chidutswa cha tanga lakale. Mvula ikamayamba tidzasoke malamba ena a dzinja. Awa tizisunga, tizigwiritsa chilimwe chokha."

Ndinawerenga m'mutu. Unali mwezi wa Ogasiti. Mvula kuno imagwa Disembala.

"Wamva, Tausi?"

"Ndamva."

"Nanga ukuliranji?"

Ndinati utsi. Panalibe moto pena paliponse, ndipo iwo anaona, koma anangopitiriza kupaka mafuta. Chisangalalo cha tsiku limenelo sindinachimvepo china chofanana nacho, ngakhale pa ukwati wanga. Ndinalowa m'nyumba, ndinakwera pampando, ndinatsitsa shuga yense amene ndinabisa m'denga, n'kuwathirira masipuni anayi.